Kusamutsa za mkati mwa kompyuta bokosi yakufa kupita mu ina, mmene ndimapangira ine kuno kuchigwa

Mvula ikangodula kuno kuchigwa cha Shire ntchito imene imandichulukira si ya masitata kapena ma alternator ayi, ndi ya makompyuta bokosi, mabokosi aja oyendetsa injini ya galimoto. Galimoto yawoloka madzi penapake pakati pa Bangula ndi Nsanje, kapena inagona panja madzi nkulowa mpaka mmipando ngati mmene zinakhalira nthawi ya Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mwini wake wayiyanika padzuwa sabata yathunthu, wasintha oyilo, wakokolola matope onse, koma akatembenuza kiyi sitata ikungozungulira basi injini osalira. Nde wina amuuza kuti pitani ku Limbe mukagule bokosi lina, munthu wadzuka mbandakucha wakwera Sienta, wadutsa pa Thabwa wakwera phiri lonse lija, madzulo wabwera nalo bokosi, walumikiza, galimoto zii. Apa mpamene anthu amayamba kunyoza wogulitsa kuti wawagwiritsa chakufa, chonsecho bokosilo ndi lamoyo bwinobwino, kungoti silikuyidziwa galimoto yanuyo ndipo galimotoyonso sikulidziwa.

Ntchito yomwe amati cloning ndi yomweyi, kutenga zomwe zinalembedwa mkati mwa bokosi lakale nkuzilemba mu linalo kuti galimoto izione ngati palibe chasintha. Ndikulemba izi makamaka kwa anzanga amagetsi a galimoto a ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka ku boma la Nsanje, komanso eni magalimoto kuti mudziwe chomwe mukulipirira.

Mukatsegula bokosi mupeza bodi, pa bodipo pali malo awiri osunga zinthu. Oyamba ndi flash, umo ndi mmene muli pulogalamu yoyendetsa injini, mafuta alowe ochuluka bwanji, moto upite nthawi yanji, turbo ipume bwanji. Nthawi zambiri flash imakhala mkati mwa purosesa yayikulu ija ya miyendo yambirimbiri, pena imakhala payokha pambali. Achiwiri ndi EEPROM, kachipu kakang'ono ka miyendo 8, kochepa kuposa njere ya nyemba, koma ndi komwe kamasunga chinsinsi cha galimoto yanu, nambala zogwirizana ndi immobiliser (chitetezo choletsa injini kulira ngati kiyi si wake), pa madizilo ena makodi a ma injector, ndi zina zomwe injini yaphunzira poyenda. Pamwamba pake pamalembedwa zinthu ngati 93C56, 93C66, 93C86, 24C04, 95040, 95160 kapena 95320. Mabokosi atsopanowa ena alibe kachipu kapadera, zonse zili mkati mwa purosesa, nde amenewo ndi nkhani ina ndifikako.

Koma musanagule chilichonse, chonde, tsimikizani kaye kuti bokosi lafadi. Ine ndinganene kuti magalimoto ambiri amene amabwera kwa ine atauzidwa kale kuti kompyuta yapsa, ndimakapeza kuti ndi fyuzi ya EFI, kapena rilei yayikulu yachita dzimbiri, kapena waya wa earth wadyeka pomwe amamangira ku injini. Madzi a Shire ndi a matope, akalowa mu pulagi amauma nkusiya zobiriwira pa mapini, moto osadutsa. Tengani multimeter, yezani batire likhale pa 12.6 volts kapena pafupi pamenepo, yatsani kiyi muone ngati nyali ya check engine yayaka pa dashibodi, ikapanda kuyaka nkomwe nde kuti bokosi silikudzuka, koma funso ndi lakuti silikudzuka chifukwa lafa kapena chifukwa moto sukufika. Yezani pa pulagi ya bokosi penipenipo, moto wokhalitsa ulipo? moto wa kiyi ukubwera? ma earth onse ali bho? Kenako pitani pa sensa imodzi, kaya ya throttle kaya ya MAP, muone ngati 5 volts ikutuluka. Pena sensa imodzi yokha ikachita shoti imagwetsa 5 volts yonse bokosi nkumaoneka ngati lafa, mukaizula sensayo zonse zimadzuka. Pa soketi ya OBD ija ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, pini 16 ndi moto wa batire, 4 ndi 5 ndi earth, 6 ndi 14 ndi CAN, mawaya omwe makompyuta a mgalimoto amalankhulirana, ndipo mukachotsa batire nkuyeza pakati pa 6 ndi 14 pa magalimoto ambiri a CAN mupeza pafupifupi ma ohm 60. Mukapeza 120 kapena zina zachilendo vuto litha kukhala mmawaya osati mu bokosi.

Ndipo ngati lafadi, funsani chinalipha nchani. Apa ndimalimbikira kwambiri chifukwa zimandipweteka kuona munthu wagulitsa mbuzi zake kapena wadikira ndalama za thonje kuti agule bokosi, nkulipsetsanso tsiku lomwelo. Madzi ndi chimodzi. China ndi kujampa batire motembenuza mawaya. China ndi kuwotcherera ekizozi kapena chassis bokosi lili chilumikizire, izi zimachitika kwambiri mmagalaja athu a pansi pa mtengo. China ndi chizolowezi chija chozula waya wa batire injini ikulira ati kuyesa ngati alternator ikutchaja, zimenezo zinkatheka pa magalimoto akale a carburettor, pa awa a kompyuta mukupha bokosi ndi manja anu. Alternator yomwe regulator yake yafa nkumatulutsa kupyola 15 volts nayonso imapha. Koyilo kapena injector yochita shoti imawotcha njira yake mkati mwa bokosi, nde mukaika bokosi lina musanasinthe koyiloyo mwangoliperekanso nsembe. Ma Toyota a mma 1990 nawo ali ndi nthenda yawo, ma capacitor amadontha nkudya njira za pa bodi, ndipo kutentha kwathu kuno kwa Okutobala ndi Novembala kopyola madigiri 40 sikuwachitira chifundo, koma amenewo kawirikawiri amakonzeka osafuna bokosi lina.

Galimoto imene yamira musathamangire kuyiliza. Chotsani batire kaye, chotsani ma spark plug kapena ma injector muone ngati mmasilinda mulibe madzi, zulani bokosi mulitsegule. Chimapha bodi si madzi okha koma madzi ndi moto pamodzi, mukayatsa kiyi bodi ili yonyowa ndi pamene njira zimadyeka. Tsukani bodi ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi kofewa, iume bwinobwino pamthunzi podutsa mphepo. Ngakhale bodi itafa, kachipu ka EEPROM nthawi zambiri kamapulumuka, nde bokosi lakale MUSATAYE, musapatse ana aseweretse, musasiye kwa wogulitsa ngati exchange. Chuma chonse chili mmenemo.

Tsopano kusankha bokosi logula. Anthu amalakwitsa apa poganiza kuti Vitz ndi Vitz basi, kapena poti pulagi yalowa nde ndi lomwelo. Werengani chomata chili pamwamba. Pa Toyota nambala imayamba ndi 89661 kenako manambala ena asanu, pa Nissan kawirikawiri 23710, pa Honda 37820, pa Bosch pali nambala ya manambala 10 yoyamba ndi 0 281 ngati ndi dizilo kapena 0 261 ngati ndi petulo. Nambala yonse ifanane, osati theka. Injini imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi mabokosi osiyana malinga ndi chaka, giya bokosi ya manual kapena automatic kapena CVT, 2WD kapena 4WD, ya ku Japan kapena ya ku South Africa. Jambulani chomatacho pa foni mutumize pa WhatsApp kwa wogulitsa musanawononge thiransipoti, iyenso akutumizireni chithunzi cha lake. Likafika litseguleni muyerekeze mabodi awiriwo, purosesa ikhale yofanana, kachipu kakhale ka nambala yomweyo, komanso nunkhizani ndi kuyang'ana ngati mulibe zoyera zoyera za madzi, poti mabokosi ena ogulitsidwa anachokanso mmagalimoto omira.

Nkhani yabwino ndi yakuti si galimoto iliyonse imafuna cloning. Magalimoto ambiri otsika mtengo ochokera ku Japan, monga ma Probox ambiri ndi ma Vitz akale a kiyi wachitsulo chokhachokha, alibe immobiliser, nde mukapeza bokosi la nambala yofanana mumangolumikiza nkuliza. Yang'anani kiyi, ngati mutu wake ndi wapulasitiki wonenepa mwina muli kachipu, ndipo pa dashibodi pamakhala kanyali kophethira ka chithunzi cha kiyi kapena galimoto yokhala ndi loko. Ya push start nde musafunse nkomwe, ili nayo. Komanso ma Toyota ambiri omwe immobiliser yake ili mu kabokosi kapadera safuna kutsegula chilichonse, mumaika bokosi logulalo, nkulumikiza pini 4 ndi pini 13 pa soketi ya OBD ndi kawaya, kuyatsa kiyi osaliza injini, nkusiya choncho mphindi 30 zathunthu, kenako kuzimitsa, kuchotsa kawaya nkuliza. Bokosi logulalo ndi kabokosi ka immobiliser zimakhala zadziwana. Werengani mapini mosamala chifukwa mukaphonya nkugunda 16 mwawotcha zinthu, ndipo ikani tchaja pa batire poti theka la ola kiyi ali on batire lofooka limagwa panjira. Yesani njira imeneyi kaye musanagwire ayironi yowotcherera solda.

Zikakanika izi nde tilowe mu ntchito yeniyeni. Zida zake zimatengera bokosi. Pa kachipu ka miyendo 8 pamafunika programmer yowerengera EEPROM, ena amagwiritsa UPA-USB, ena Xprog, ena Carprog, ena VVDI Prog, ndipo kotchipa kwambiri ndi CH341A komwe kamawerenga bwino tichipu ta nambala zoyamba ndi 24 ndi 25 koma pa za 93 kamafuna pulogalamu ina ndi kalumikizidwe kena. Pa flash pamafunika zida ngati KESS ndi K-TAG za Alientech, PCMFlash, kapena zina zotero. Pafunikanso ayironi ya nsonga yopyapyala, hot air ngati muli nayo, flux, solda wabwino, ka tweezer, galasi lokulitsa, ndi power supply yokhazikika yotulutsa pakati pa 12 ndi 13.5 volts. Zida zokopera zotchipa zija za pa intaneti zimagwira pena, koma zimathanso kuima pakati pa kulemba, nde dziwani kuti mukuika bokosi la kasitomala pa chiswe.

Za magetsi ndinenepo pang'ono poti kuno tonse tikudziwa mmene amathimira osatsanzika. Ine sindilemba bokosi ndi moto wa pakhoma mwachindunji. Laputopu ikhale yodzadza ndipo batire lake likhale lamoyo, bokosi lidye kuchokera ku batire lagalimoto lodzadza bwino kudzera pa fyuzi yaying'ono, kuti ngakhale magetsi athime ntchito ipitilire. Zimitsani sleep pa laputopu, zimitsani ma update, foni ikalira isiyeni ilire. Kuwerenga kukadukira panjira mumangoyambiranso, koma kulemba flash kukadukira panjira bokosi limasanduka njerwa, kulidzutsanso kwake ndi ntchito ina yayikulu. Ndipo gwirirani ntchito malo opanda fumbi, osati panja mphepo ya Ngabu ikuwomba, mmawa kusanatenthe ndi bwino chifukwa thukuta likadonthera pa bodi ndi vuto linanso.

Lamulo langa lalikulu ndi ili, musalembe kanthu musanawerenge ndi kusunga zonse za mabokosi onse awiri. Onse awiri, lakufa ndi logula. Anthu amawerenga lakale lokha nkulemba pa logula, zikakanika alibe pobwerera, bokosi logula lija lomwe linali lamoyo nalonso lasokonekera ndipo wogulitsa sangalilandirenso. Ndinalandirapo Hilux ya bambo wina wa ku East Bank itadutsa kale mmanja mwa munthu wina amene analemba fayilo yotenga pa intaneti pa kachipu koyambirira osasunga zomwe zinalimo, ntchito yomwe ikanatha tsiku limodzi inatenga masabata, bambowo akulipira galimoto ya ena kunyamula mpunga wawo. Tsegulani foda pa laputopu, ilembeni nambala ya galimoto ndi tsiku, mkatimo mafayilo muwatchule momveka, lakale_eeprom_1, lakale_eeprom_2, logula_eeprom_1, choncho. Mukatha koperani pa flash disk komanso dzitumizireni pa email.

Powerenga kachipu, yambani ndi kujambula bodi pa foni kuti mukumbukire mbali yomwe kadontho ka pini 1 kanaloza. Mabodi ambiri anapakidwa vanishi woteteza chinyontho, mupale pang'onopang'ono pa miyendo kapena mumusungunule, apo ayi kopanira ka programmer kopana miyendo ya kachipu sikagwira. Kuwerenga ndi kopanira kachipu kali pa bodi pomwepo kumatheka pa mabokosi ena, koma pena programmer imadzutsa purosesa nayo nkumasokoneza zowerengazo, nde ine ndimakonda kukachotsa. Pakani flux, hot air ikhale cha mma madigiri 320 mpaka 350, zungulizani osaima malo amodzi, kakamasuka kanyamuleni ndi tweezer osakoka mwamphamvu poti mukazula njira ya pa bodi mwadzipatsa ntchito ina. Tizinthu tating'ono tapafupi titchingeni ndi tepi yosapsa kuti tisauluke.

Kaikeni pa adapter, sankhani dzina lenileni la kachipu mu pulogalamu, dinani read. Samalani batani, read ndi write ndi erase zimakhala moyandikana. Werengani kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse sungani fayilo yake, kenako ziyerekezeni mu HxD kapena pulogalamu ina ya hex, zifanane ndendende. Onaninso kukula kwa fayilo, 93C56 imatulutsa ma byte 256, 93C66 ndi 24C04 ndi 95040 zimatulutsa 512, 93C86 ndi 95160 zimatulutsa 2048, 95320 imatulutsa 4096. Mukaona fayilo yonse ndi FF FF FF kapena 00 yokhayokha musasangalale kuti mwawerenga, simunawerenge kanthu, mwina mwendo umodzi sukugunda kapena mwatembenuza kachipu. Pa za 93 palinso nkhani ya 8 bit ndi 16 bit, mmene mwawerengera ndi mmenenso mulembere, mukasakaniza ma byte amatembenuka awiriawiri galimoto osalira, inu nkumaganiza kuti bokosi ndi lolakwika.

Mukakhala ndi mafayilo abwino a mbali zonse, pali njira ziwiri. Mutha kulemba fayilo ya lakale pa kachipu ka logula, nkudina verify kuti pulogalamu itsimikize kuti zalowa zonse, kenako kukabwezera pa bodi. Kapena mutha kungotenga kachipu kakale komweko nkukawotcherera pa bodi ya logula, ambiri amene alibe programmer amapanga chonchi ndipo zimagwira. Ine ndimakonda yoyamba chifukwa kachipu koyambirira kamakhala kosungika mu kabotolo osakhudzidwanso, komanso kachipu komwe kanamira miyendo yake imakhala yadyeka kale, katha kugwira lero nkusiya mwezi wa mawa galimoto ili pakati pa Sorgin ndi Bangula usiku. Pobwezera onani kadontho ka pini 1 pa chithunzi chija, wotcherani mwendo umodzi kaye muwongole, kenako inayo, yang'anani ndi galasi kuti palibe miyendo iwiri yagwirana ndi solda, tsukani flux, pakani vanishi pang'ono.

Ngati nambala za mabokosi zafanana ndendende, pa mabokosi ambiri akale EEPROM yokha imakwana. Koma pomwe hardware ndi imodzi software nkusiyana, pamafunika kusamutsanso flash. Apa pali njira zingapo zolowera. Ya OBD ndi yophweka koma kawirikawiri imangowerenga gawo la mamapu, manambala aja a mafuta, moto ndi turbo, osati zonse, nde pa cloning siyikwana. Ya bench mumalumikiza mawaya pa mapini a pulagi ya bokosi lili patebulo osatsegula. Ya boot mumatsegula nkugunditsa kawaya kapena resistor pa malo ena a bodi kuti purosesa idzuke mwa njira yolola kuwerenga zonse. Pa Bosch EDC16 pali BDM, timalo ta pa bodi pomwe mumatsamiritsa timapini ta adapter, imawerenga flash ndi EEPROM kamodzi, ndipo mabokosi amenewa amakopereka bwino kwambiri. Chida chilichonse chimakuonetsani chithunzi cha malumikizidwe a bokosi limenelo, tsatirani chithunzicho osati kukumbukira kwanu, waya wa 12 volts ukapita pa pini yolakwika palibe kubweza.

Bosch EDC17 ndi MED17 ndi pomwe anthu amagwa. Mkati muli purosesa ya Infineon TriCore, EEPROM yake ili mkati momwemo, ndipo muli zigawo zina zomwe zimalembedwa kamodzi kokha ku fakitale, amati OTP, simungazifufute kapena kuzilembanso. Nde mukangotenga fayilo yonse ya lakale nkuyithira pa logula, pa magalimoto ena makamaka a VW ndi Audi bokosi limazindikira kuti zinthu sizikugwirizana nkukana kuliza. Pamafunika chida chomwe chili ndi njira yakeyake ya clone ya bokosi limenelo, kapena kusamutsa za immobiliser zokha nkusiya zina, kapena kuliphunzitsa bokosi logula kudzera pa makina ngati Autel kapena Launch amene ali ndi gawo la immobiliser. Chimodzimodzi ma Ford Ranger a 2.2 omwe ali ndi Continental SID208 kapena SID209, amafuna chida chodziwa bokosi limenelo. Ngati mulibe chida choyenera, nenani zoona kwa kasitomala, tumizani mabokosi onse awiri ndi kiyi kwa munthu amene ali nacho ku Blantyre, palibe manyazi pamenepo, manyazi ali pobweza mabokosi awiri akufa.

Mukasintha kanthu mkati mwa fayilo ya flash kumbukirani checksum, kanambala komwe bokosi limawerengetsera kuti lione ngati pulogalamu ili yonse. Zida zabwino zimakonza zokha polemba ndipo zimakufunsani, vomerani. Ngati mukungokopera fayilo yonse osasintha kanthu checksum imabwera nayo yolondola kale.

Nanga ngati lakale lapseratu, purosesa yang'ambika, kachipu sikakuwerengeka? Apo cloning palibe chifukwa palibe chokopera. Chotsala ndi kugula seti yonse kuchokera mu galimoto imodzi, bokosi la injini, kabokosi ka immobiliser kapena ka smart key, ndi makiyi ake, pa magalimoto ena mpaka loko wa chiwongolero ndi dashibodi. Kapena kulifufuta logulalo likhale ngati latsopano, amati virgin, nkuliphunzitsa ndi makina. Ena amathamangira immo off, kuchotseratu chitetezo kuti galimoto izilira ndi kiyi aliyense wolowa. Ine sindiikonda, galimoto imeneyo mwaichotsa chitseko, ndipo kuno malire ali pafupi, Marka ndi apa, ikabedwa usiku kukacha ili kutsidya. Ndipo poti tafika pa nkhani imeneyi, munthu akabwera ndi bokosi mmanja wopanda galimoto, wopanda kiyi, wopanda blue book, akuti ingondichotserani immobiliser, ine ndimakana. Ndimafuna ndione galimoto, ndione mapepala, dzina ligwirizane ndi chiphaso chake kapena mwini wake ndilankhule naye. Anzanga pangani chimodzimodzi, apolisi akadzabwera adzafunsa amene anagwira bokosi. Za makilomita nazonso musakhudze, ntchito yathu ndi kudzutsa galimoto osati kuyichepetsa zaka.

Potseka bokosi chotsani silikoni yakale yonse, pakani yatsopano mozungulira bwinobwino makamaka ngati bokosi limakhala ku injini, ndipo ngati panali phala loyera lotulutsa kutentha pakati pa bodi ndi chitsulo libwezeretseni, kuno kotentha musaliiwale. Mapini a pulagi ya galimoto atsukeni ndi contact cleaner, obiriwira kwambiri asintheni. Onaninso komwe madzi analowera, pena si chigumula nkomwe koma timabowo totulutsa madzi pansi pa windscreen tatsekeka ndi masamba madzi nkumadonthera pa bokosi kuseri kwa dashibodi, kapena paipi ya aircon yatsekeka ikuthira mkati.

Polumikiza, batire likhale lochotsa, lowetsani mapulagi mpaka alire kuti thapu, bwezerani batire, yatsani kiyi osaliza. Check engine iyake, pa magalimoto ena pampu ya mafuta imveke kwa timasekondi, kanyali ka immobiliser kazime. Kakapitiliza kuphethira msanga msanga nde kuti sizinadziwane, musavutitse sitata, bwererani ku mafayilo anu. Zikakhala bwino ikani makina pa OBD, werengani makodi onse muwalembe penapake kenako muwafufute, lizani injini muone omwe abwerenso, amenewo ndiwo enieni. Pa dizilo ya common rail ngati Hilux D-4D ya 1KD kapena 2KD yerekezani makodi a ma injector omwe ali mu bokosi ndi omwe alembedwa pamutu pa injector iliyonse, silinda ndi silinda, akasiyana alembeni ndi makina apo ayi injini imagogoda ndi kufuka utsi. Ma Nissan a petulo ambiri amafuna kuphunzitsidwanso throttle ndi idle, mukapanda kutero imalira mokwera kapena kumazima pa mphambano. Yezani tchaji injini ikulira, ikhale cha mma 13.5 mpaka 14.5 volts, ikapyola apo zimitsani msanga mukonze alternator kaye.

Kenako iyendetseni ndithu, osati kungozungulira pa galaja. Ine ndimaitenga pa M1 mpaka itenthe bwinobwino fani izungulire, ndione magiya onse akusintha, ndiizimitse ndiilizenso katatu kanayi ili yotentha, ndipo ngati ndi galimoto yoyenda Blantyre tsiku ndi tsiku ndimapempha mwini wake tikwere limodzi phiri la pa Thabwa makina ali chilumikizire, chifukwa pokwera paja ndi pomwe bokosi losagwirizana ndi giya bokosi kapena turbo limadziulula. Tikatsika ndimawerenganso makodi, ndimupatsa bokosi lake lakale ndi kabotolo ka kachipu kaja, mafayilo ndimamutumizira pa foni yake, ena amatsala kwa ine mu foda ya nambala ya galimoto yake.